Kapaipi ka Kuseri kwa Chimbudzi

Chivomerezi cha Lachiwiri chinali chaching'ono,
sichinagwetse ngakhale kapu pashelefu,
koma kutacha bambo anaimba foni:
Nélida, kubafa kwasanduka dziwe.

Ndinakwera masitepe a phiri la Barón,
maondo anga amawadziwa onse pamtima,
doko la Valparaíso lili kumsana,
sitima zikubuula m'nkhungu.
M'chikwama sipanala, chisanza, ndi kapaipi katsopano,
kotalika ngati mkono wa khanda,
kofewa, kovala malaya a waya wolukana,
nati uku, nati uko.

Kakale kanali kamkuwa, kouma gwa.
Anakapinda okha a Eleuterio Quilodrán
chaka chimene ine ndinkagula mano.
Kanagwira khoma, kanagwira thanki,
osalola kanthu kusuntha,
ndiye nthaka itangotembenuka m'tulo
kanang'aluka pakhosi, mng'alu wonga tsitsi.

Ndinagwada.
Kuseri kwa chimbudzi kulibe bwana:
tsaya pamatailosi ozizira, phewa kukhoma,
kangaude akukuyang'ana ngati wabwera kudzatolera lendi.
Bambo anakhala m'mphepete mwa bafa,
manja akunjenjemera pamiyendo,
manja amene analowetsa madzi m'nyumba theka la phiri lino,
lero batani la malaya likuwapulumuka.

Tseka kaye kampopi ka pakhoma.
Ndatseka, bambo.
Gejemula, thanki iphwe.
Ndagejemula.
Tchera mbale pansi, otsala amabisala.
Anabisaladi. Anandiyenderera m'mkono mpaka m'khwapa,
ndipo mkuluyo anaseka koyamba sabata imeneyo.

Nati yakale inakana, yobiriwira ndi zaka.
Ndinaipempha, ndinaitukwana,
inalira kwii, n'kulola.

Kalabala kalimo? Suzumira.
Kalimo, kakuda, kozungulira,
kochepa kuposa kandalama ka mapeso khumi,
koma ndi iko kamaletsa denga la a Ubilla, okhala pansi pathu,
kumera mapu a dziko losadziwika.

Yamba ndi zala. Mano a nati akumane okha.
Ikalimba msanga, bwerera, wasochera.
Ndinapota, inayenda myaa.
Ya pampopi ipatse sipanala, pang'ono chabe,
ya kuthanki ndi yapulasitiki, chitsulo chisaikhudze.
Koma mkono unkandiyabwa,
mantha amakonda kumangitsa,
ndinkafuna kamodzi kena, kamodzi kokha.

Basi!

Chete.
Kunja galu wa a Ubilla ankakalipira njiwa.
Fermín akanawonjezera, anatero motsitsa mawu.
Anatengera ine.
Dzina la mlongo wanga,
wa ku Antofagasta, zaka zisanu ndi zinayi osaimba foni,
linagwera m'mbale ija, tho,
ndipo palibe analitola.

Usakakoke kapaipiko. Kasiyire mimba,
kapindike ngati khutu la kapu,
koma kasathyoke msana.
Nyumba ikavina, nako kavine.

Ndinatsegula kampopi pang'onopang'ono.
Kapaipi kanadzidzimuka, kanafufuma ngati mtsempha,
madzi anakwera akunong'ona,
shiii, thanki ikumwa,
kenaka phee, yakhuta.

Anang'amba okha kapepala ka m'chimbudzi,
kakugwedera m'zala zawo ngati kambendera,
nandipatsa.
Ndinakulunga nati yapansi, ndinawerenga mpaka makumi atatu.
Kouma.
Yam'mwamba. Kouma.
Bwereza, anatero. Dontho ndi munthu woleza mtima.

Kamkuwa kaja sanalole kuti ndikataye.
Anakapukuta ndi mpango, nakaika m'kabati
pamodzi ndi malisiti a magetsi ndi magalasi a malemu amayi.

Usiku ndinagona pasofa.
Cha m'ma folo mawindo anaseka pang'ono,
nyale ya kudenga inapendama, n'kubwerera.
Ndinapita osavala nsapato, ndinapapasa mumdima:
matailosi ouma, kapaipi kozizira, kali phe.
Kuchipinda kwawo kunkatuluka kuwala kwa foni,
ndipo ndinamva chala chikuphonya manambala,
kufufuta,
kuyambiranso.